Botolo la a Yosiya pa Msewu wa ku Nairobi

Aliyense amene anadyapo buledi pa mishoni ya kwathu ku Ntcheu, kaya anali m'busa, kaya a Disi, bwanamkubwa wa pa boma, ndi akazi awo, anadya za manja anga. Dzina langa ndine Jailosi, khukhi wa Dona Rute zaka makumi anayi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 1, ndipo cholembera chimandilemera kuposa nkhwangwa, koma nkhani iyi ndalemba ndekha chifukwa achinyamata ukawauza kuti akulembere amachotsa mawu ako n'kuikamo awo.

Kalata inafika mwezi wa June, chaka chotsatira chija anatsegulanso malire a Tanzania ndi Kenya. Inachokera kwa Danieli, mwana wa Dona, amene ndinamubereka kumbuyo kwangaku ali khanda. Nthawi imeneyo n'kuti ali bwana pa bungwe lina ku Nairobi, ndipo Dona atakalamba anawatenga kukakhala nawo kumeneko. Kalatayo inati mayi ake adwala, madokotala ataya mtima, chakudya akukana, koma akungotchula buledi wa agogo awo. Inatinso botolo la chotupitsa limene Dona anapita nalo, wantchito wina watsopano analitsuka poganiza kuti ndi phala losasa. Latsala langa lokha, ndibwere nalo msanga.

Musaganize za yisiti wa m'golosale uja. Ichi ndi phala la fulawa ndi madzi, koma lamoyo. Limapuma, limachita thovu, limanunkhira ngati thobwa logona. Tsiku lililonse umataya theka n'kuthiramo fulawa ndi madzi atsopano, ndipo ukalisamala silifa. Langali linayamba ndi a Yosiya ndi akazi awo a Marita, agogo awo a Dona, ku Amereka, anthu asanaone galimoto. Dona anabwera nalo pa sitima ya pamadzi atangokwatiwa, ndipo tsiku limene ndinayamba ntchito anandionetsa botolo limeneli asanandionetse n'komwe pogona panga.

Danieli anatumiza ndalama ya ndege. Ndinakafunsa mphunzitsi wina amene anakwerapo, iye anati zamadzimadzi amakulanda n'kukaziika kumimba kwa ndege, kumene kumazizira mpaka madzi amauma gwa. Ndinati basi, ndiyenda pansi. Anthu akwathu amati ndinaopa ndege. Mwina pang'ono, koma botolo lija sindikanalipereka m'manja mwa munthu wina.

Ndinavala jekete yanga yoyera ya kukhitchini mkati, ya bulauni kunja. Botolo ndinalimanga kansalu kukamwa, n'kuliika m'dengu pakati pa bulangete. Pambali pake ndinaika thumba la fulawa, sipuni yamtengo ndi kapu yachitsulo. Ndinakwera basi pa Ntcheu dzuwa likutuluka, ndipo kondakitala atafuna kuponya dengu langa pamwamba ndinamukalipira mpaka woyendetsa anatembenuka. Kuyambira pamenepo mpaka Lilongwe palibe anandikhudza.

Za Lilongwe, Kasungu ndi Mzimba ndilibe zambiri zonena. Fumbi, ana kulira, nkhuku pansi pa mipando. Pa Mzuzu ndinagona pa depoti, ndipo m'mawa ndinadyetsa botolo langa pa mpope anthu akundiyang'ana ngati ndikuchita zamankhwala. Potsika phiri la Chiweta aliyense ankapemphera m'chinenero chake, ine ndinakumbatira dengu. Thovu linali bwinobwino.

Pa Karonga ndi pamene ndinapeza mnzanga wa paulendo, mayi Tamala, wa komweko koma wokwatiwa ku Tanzania. Amuna awo ankagwira ntchito ya njanji pa Makambako, iwo ankaphika mandasi n'kumagulitsa pa siteshoni. Anali mayi wonenepa, wa mpata m'mano, wosachedwa kuseka. Anati msewu wodalirika ndi wodzera ku Chitipa, kulowa Zambia pang'ono, kenaka Tunduma, ndipo popeza ndine mkulu wosadziwa Chiswahili ndiwatsate. Tinakwera matola, galimoto yotsegula kumbuyo yodzaza matumba a mpunga. Woyendetsa atangoona majekete anga awiri anakweza mtengo, koma mayi Tamala anamulankhula m'Chinkhonde mawu ochepa okha, mtengo unatsika.

Pa Chitipa tinakhala masiku atatu. Galimoto yopita ku Nakonde ankati ibwera mawa, mawa lake ankati yadikira tayala, tsiku linalo ankati mwini wake wapita kumaliro. Tinkakhala pa khonde la sitolo ya mmwenye yotsekedwa, kuyang'ana msewu wopanda kanthu, mphepo ikutimenya ndi mchenga. Mtima wanga unali ku Nairobi, ndikuwerenga masiku a munthu wodwala. Pofuna kuti ndisapenge, ndinayamba kuwafotokozera mayi Tamala mbiri ya botolo. Dona anandiuza mbiri imeneyi mwina kasauzande tikukanda buledi, ndipo ndimaidziwa kuposa ana awo.

A Yosiya anali mwana wachisanu ndi chiwiri wa munthu wosula zitsulo. Munda wa bambo awo unatha pogawira akuluakulu, iwo anatsala ndi nyundo basi. Atamva kuti kumadzulo, kuseri kwa mapiri, kuli dziko lotchedwa Oregoni kumene munthu amangoloza ndi chala kuti munda wanga ufika apo, anagulitsa nyundo ija, nagula ngolo ndi ng'ombe zinayi zapagoli. N'kuti atakwatira a Marita, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ali ndi mwana mmodzi wamkazi dzina lake Ana. Anawoloka mtsinje wa Mizuri udzu utangophuka, ngolo zambirimbiri pamzere, ndipo anayenda miyezi isanu ndi umodzi. M'ngolo munali katundu, anthu ankayenda pansi. Madzulo aliwonse a Marita ankatapa m'botolo, kukanda, n'kuphika mumphika wachitsulo pa moto wa ndowe, chifukwa m'chipululu chimenecho munalibe mtengo ngakhale umodzi.

Mayi Tamala anaseka kuti azungunso amaphikira ndowe. Koma nditafika pa Ana anasiya kuseka. Mwanayo anadwala kolera m'mawa, dzuwa lisanalowe anali atapita. Anamuika pakati penipeni pa msewu, opanda bokosi, atamukulunga mu nsalu ya patebulo, ndipo ngolo zonse zinadutsa pamwamba pa manda kuti dothi lilimbe, mimbulu isafukule. A Yosiya ndi amene anatsogolera ng'ombe zawo kuponda mwana wawo. Dona ankati agogo awowo mpaka imfa sanatchulenso dzina la Ana, koma pa tebulo pawo pankakhala mpando umodzi wosakhalidwa.

Tsiku lachitatu galimoto inabwera. Pa malire a Zambia sitinachedwe. Pa Tunduma ndi pamene tinataya tsiku lonse, mzere wautali, mapepala olemba ambiri, ndipo mayi Tamala ndi amene anandilembera. Msilikali wina anatsegula dengu, nanunkhiza botolo, nati pombe, ndiye kuti mowa. Ndinamuyankha m'Chichewa mokweza kuti ine ndine mkulu wa mpingo, mowa sindinaulawepo chibadwire. Sanamve kanthu, koma anaitana anzake kuti adzaone mdala wa ku Malawi amene akupita ku Kenya ndi phala. Onse ananunkhiza, onse anaseka, nandibwezera.

Tinafika ku Mbeya tsiku lachisanu ndi chitatu chichokere kwathu. M'masitolo a kumeneko munali mashelefu okha, sopo kulibe, shuga kulibe, fulawa osanena. Ndinayamika kuti ndinanyamula wanga. Basi yopita kum'mawa inali itadzaza mpaka mawa lake, ndipo tikudikira pa malo oima malole ndinapitiriza mbiri ija.

Ndinawauza mmene ng'ombe ziwiri zinafera ndi ludzu, mmene a Yosiya anatayira m'njira wotchi ya pakhoma, bedi ndi bokosi la mabuku kuti ngolo ipepuke, koma botolo ayi. Pokwera mapiri kunagwa chisanu choyera chija amati sinowo, ndipo a Marita ankaliika botolo pachifuwa, mkati mwa diresi, usana ndi usiku, kuti lisazizidwe. Ndinawauzanso za mtsinje wina waukulu umene ngolo yawo inagubuduzikamo, botolo n'kupita ndi madzi. Mayi Tamala anagwira pakamwa, nafunsa kuti nanga ili m'dengumu lachokera kuti. Ndinati a Marita anali ndi chizolowezi chogawira mayi aliyense wa pa ngolo zinazo sipuni imodzi. Lawo litapita ndi madzi anangoyenda kupita pa ngolo yotsatira n'kukatapanso. Kawiri konse zinachitika choncho.

Anafunsanso ngati ku Oregoni kuja kunalibe eni ake. Ndinati analipo, ndipo Dona akafika pamenepa ankatsitsa mawu. Eni dziko anasamutsidwa ndi asilikali, ndipo munda umene a Yosiya analoza ndi chala unali ndi manda a anthu ena. Mayi Tamala anati ndiye ndi nkhani ya ku Thyolo yomweyo. Sindinawatsutse. Ndinangomaliza kuti a Yosiya anagwetsa mitengo, anamanga chigayo cha madzi, anabereka ana ena asanu ndi atatu, atatu n'kumwalira ali aang'ono, ndipo iwo eni anaphedwa ndi mtengo umene ankadula ali ndi imvi kale. A Marita anakhala mpaka kukalamba zedi, ndipo ndi amene analera Dona. Mwana wamkazi aliyense wa pabanjapo akamakwatiwa ankapatsidwa sipuni imodzi ya m'botolo. Koma yisiti wa m'sitolo atabwera, abale a ku Amereka anasiya awo kufa mmodzimmodzi.

Nditamaliza inakwana nthawi yodyetsa. Ndinapita kuseri kwa lole, ndinathira theka pansi monga mwa masiku onse. Mayi Tamala anali atanditsatira ndi kachitini m'manja.

"Adada, chimene mukutayachi ndipatseni ine. Yisiti kuno tinamuiwala, mandasi anga akumatuluka ngati miyala."

Ndinati ayi.

"Si mwanena nokha kuti mayi uja ankagawira aliyense?"

"Ameneyo anali Marita. Ine ndine Jailosi."

Ndinakankhira dothi ndi nsapato pa chimene ndinathira pansi chija, n'kupondapo. Mayiyo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anabweza kachitini m'chikwama. Sanatukwane. Madzulo ake anandigawirabe nthochi zawo zootcha.

Apa ndiyenera kulemba chimene sindinauzepo munthu kufikira ulendo umenewu. Pa mishoni, Dona ankandituma kawirikawiri kuti ndigawire ena: mayi abusa, khukhi wa kuchipatala, khukhi wa a Disi, amayi a chigwirizano. Ndinkagawa ndithu, Dona akuona kabotolo kakutuluka pakhomo. Koma ndisanapereke ndinkathiramo madzi owira. Kwawoko sichinkatupa, iwo ankaganiza kuti alakwitsa okha, ndipo manyazi ankawaletsa kudzapemphanso. Choncho buledi wa Jailosi anakhala wa Jailosi yekha, ndipo alendo ochokera ku Zomba ankandiitanitsa m'chipinda chodyera kuti andigwire chanza. Ndinkati ndikuteteza ntchito yanga. Ana anga asanu anaphunzira ndi buledi ameneyo.

Mayi Tamala ndi amene anapeza lole. Woyendetsa anali Hamisi, Mtanzania amene ankanyamula zitsulo za kopa kuchokera ku Zambia, ndipo ankalankhula Chinyanja cha ku Lusaka chosakaniza. Anati mudala akhale kutsogolo. Ndinakhala ngati nduna, dengu pamiyendo. Pa Makambako mayi Tamala anatsika, nandigwira dzanja ndi manja awiri, nati ndikawapatse moni Dona ngakhale sakuwadziwa. Ndinawaona akulowa m'kanjira ka kumbuyo kwa siteshoni, mtolo pamutu. Tinagona pomwepo, ndipo tinanyamuka kukucha.

Kuzizira kwa kumeneko, inu, kwa ku Dedza ndi masewera. Mphepo inkalowa pa galasi losweka la mbali yanga, zala zinauma, ndipo pofika cha ku Mafinga ndinayang'ana m'botolo ndinaona thovu lagona, phala lili duu. Ndinakumbuka sinowo ndi a Marita. Ndinayesa kuliika m'jekete, koma chifuwa cha nkhalamba chilibe moto. Pakati pa mpando wanga ndi wa Hamisi panali chitsulo chotukuka chovindikira injini. Ndinaikapo dzanja, panali pofunda bwino ngati pambali pa uvuni moto utazima. Ndinakhazika botolo pamenepo, ndinalifunditsa bulangete lonse kuti lisagwe, n'kutsamiritsa dengu. Hamisi maso ake anali pa nkhungu ya mumsewu. Kufunda kuja kunafika m'mawondo mwanga, ndipo tulo ta masiku asanu ndi anayi tinandigwira.

Chinandidzutsa ndi kuima kwa lole. Dzuwa linali pamutu, utsi woyera ukutuluka kutsogolo, Hamisi akutukwana rediyeta kuti yawira pa chitunda. Kenaka ndinamva fungo. Ine fungo limenelo ndalimva m'mawa uliwonse zaka makumi anayi, ndipo sindinaganizepo kuti lingandiopse. Linali fungo la buledi akupsa.

Bulangete linali lotentha losagwirika. Botolo ndinalinyamula ndi jekete. Phala lija linali litauma m'mbali, pansi lafiira, pakati lalimba ngati chikondamoyo. Hamisi atasuzumira anati, mudala, mukanafunsa, pamenepo ife timaotcherapo mbatata. Ataona nkhope yanga anasiya zoseka. Anafunsa ngati ndi mankhwala a munthu wodwala. Ndinati eya, chifukwa ndinalibe mawu ena.

Tinakhala pamenepo maola ambiri kudikira injini izizire, Hamisi atapita ndi chigubu kukasaka madzi. Ndinakhala pa mwala m'mbali mwa msewu. Malole ankadutsa, ena akuimba hutala. Ndinakumba pakati penipeni ndi sipuni, pamene panali pofewako, ndinaika m'kapu yachitsulo, ndinathira fulawa ndi madzi, ndinatakasa, ndinapemphera. Ndinaganiza zobwerera ku Makambako, kenaka ndinakumbuka kuti kumeneko kuli mayi wa kachitini kopanda kanthu. Ndinaganiza za ku Mbeya, kuseri kwa lole, pamene ndinaponda ndi nsapato. Ndinalira mokweza, ine mwamuna wa zidzukulu khumi ndi ziwiri, mpaka amayi ena amene ankadutsa ndi nkhuni anaima patali kundiyang'ana.

Pa Iringa ndinasuzumira m'kapu, zii. Tinatsika mapiri, tinadutsa m'nkhalango ya nyama, Hamisi akundilozera njovu kuti mwina ndisangalale, ine maso m'kapu. Pa Morogoro zii. Pa Chalinze, pamene msewu wa kumpoto umapatuka, Hamisi ananditsitsa, nakana ndalama yanga, nandikweza yekha basi ya ku Arusha atamuuza kondakitala kuti mzee uyu, ndiye kuti mkuluyu, asavutitsidwe. Basi imeneyo inaphulika tayala kawiri, ndipo pa Korogwe tinadikira theka la tsiku kuti apeze mafuta. Sindinakalipire aliyense. Amene amandidziwa sangakhulupirire, koma kuchokera pa Chalinze mpaka Moshi sindinatsegule pakamwa.

Pa Arusha, tsiku lachitatu chipsereni botolo, ndinaona timathovu tiwiri titatu m'kapu.  Ndinanunkhiza, ndinalawa ndi nsonga ya lilime. Ayi. Fulawa aliyense ukamusiya m'madzi masiku atatu amayamba kuwira yekha, ndipo fungo lake ndi la masokosi onyowa. Cha a Yosiya chinali ndi kafungo kake ngati mkaka wa chambiko wosakaniza ndi zipatso. Ichi chinali chinthu china chobadwira m'basi, chopanda agogo.

Pa Namanga tinadutsa bwino. Palibe ananunkhiza kanthu. Ndinalowa mu Nairobi masana, tsiku la khumi ndi chitatu, ndipo za nyumba zitalizitali ndi timabasi tawo totchedwa matatu todzaza anthu mpaka pakhomo akuuzeni ena, ine sindinazione bwino. Ndinaonetsa keyala kwa woyendetsa takisi, nandipititsa ku Lavington, ku nyumba ya mpanda wa maluwa. Mlonda pageti anandiyesa wopempha ntchito, koma Danieli anamva mawu anga ali m'nyumba, natuluka wopanda nsapato.

Mwana amene ndinkamusambitsa m'beseni anali ndi dazi. Anandikumbatira, nati a Jailosi, mwachedwa bwanji, takhala tikupita ku bwalo la ndege kawiri pa sabata. Anati mayi akadali moyo, mutu uli bwinobwino, ndipo m'mawa uliwonse amafunsa ngati ndafika. Tinalowa kukhitchini, ndinatulutsa botolo ndi kapu, ndinamuuza za injini. Anakhala pansi pa mpando wa khukhi wake, nagwira mutu. Kenaka ananyamula kapu ija, naona thovu, nati koma ichi chikutupa. Ndinati si chimenecho. Iye anati mayi lilime lawo linafa ndi mankhwala, sangasiyanitse, tiphike ndi chimenechi tiwauze kuti ndi cha agogo, apite ndi mtendere. Anandichonderera, misozi ili m'maso, ndipo ndikanatha kuvomera. Uvuni unalipo wabwino, wamagetsi. Koma ndinali nditawanamiza mayi amenewa zaka makumi anayi pa botolo lomweli, ndipo mphamvu yowanamizanso kachikena ndinalibe. Ndinavula jekete ya bulauni, ndinatsala ndi yoyera, ndinanyamula botolo lopsa lija pa thireyi.

Dona anali atachepa ngati mwana wa sukulu. Tsitsi loyera linali litamwazika pa pilo, manja ali mitsempha yokhayokha. Koma maso anali omwe aja amene ankaona fumbi pamwamba pa kabati. Ndinagwada pambali pa bedi, nandigwira kumutu, nafunsa za akazi anga, za ana mmodzimmodzi ndi maina awo, ndi ngati mtengo wa mapeyala wa kuseri kwa khitchini ukadalipo. Chichewa chawo chinali chomwe chija cha m'Baibulo. Kenaka anayang'ana thireyi.

Ndinawauza zonse, za kuzizira, za chitsulo chofunda, za tulo. Ndinkadikira kuti alire. Iwo anaseka, kaseko kopanda mphamvu kothera m'chifuwa.

"Musalire, Jailosi. Agogo chinawathawa kawiri. Danieli alembe kalata kwa mayi abusa, atumize chawo."

Ndinati mayi abusa alibe.

"Kwa khukhi wa kuchipatala, ndiye. Uja wamtali uja."

"Alibenso, Dona."

"Amayi a chigwirizano? Tinagawira ambiri, ine ndinkaona."

"Munkaona kabotolo, Dona. Ndinkathiramo madzi owira ndisanapereke. Onse. Palibe ndi mmodzi yemwe amene chinamutupira."

 Danieli anali pakhomo, sanasunthe. Dona anachotsa dzanja pamutu panga, natembenukira kukhoma. Ndinakhalabe chogwada, mawondo akuwawa, ndipo sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinkafuna andikalipire, anditchule wakuba, andithamangitse monga anathamangitsira wantchito wina wa m'dimba amene anagulitsa mbewu zawo.  Ndinaona phewa lawo likugwedezeka pansi pa nsalu.

Atatembenukanso, nkhope inali yonyowa. Anafunsa ngati ndi chomwecho chili m'botolomo. Ndinati ndi chomwecho, chopsa, cha masiku anayi, sichoyenera munthu wodwala. Anati ndiwapatse sipuni. Danieli anafuna kuletsa, iwo anamuyang'ana kamodzi, iye n'kuleka. Ndinapala pansi pamene panafiira, kachidutswa kochepa ngati njere ya nyemba, ndinakanyowetsa m'tiyi wawo, ndinawaika pakamwa. Anatafuna nthawi yaitali, maso ali otseka. Anali asanadye kanthu masiku awiri.

"Mwaiwala mchere, Jailosi."

M'chotupitsa sathira mchere. Mchere umalowa pokanda, ndipo anandiphunzitsa zimenezo ndi iwo omwe ndili mnyamata. Pa zaka zonse zija Dona sanandipezepo cholakwa kukhitchini ine osawayankha, mpaka Bwana, amuna awo, ankatuluka m'nyumba kuthawa mkangano wathu. Ndinayang'ana sipuni ili m'manja mwanga.

"Inde, Dona," ndinatero. "Ndaiwala."

Anagwedeza mutu, natsegulanso pakamwa kuti ndiwapatse kena. Ndinawadyetsa tizidutswa tinayi, kenaka anagona. Sanalankhulenso ndi ine kapena ndi wina aliyense, ndipo Lachisanu lake tinakawaika ku manda a ku Lang'ata, dothi lofiira ngati la kwathu, ndege zing'onozing'ono zikudutsa pamwamba abusa akuwerenga.